Kalata kwa a Nduna ya Zaumoyo: odwala khansa akutaya mbewu ya magazi awo asanauzidwe kuti ali nayo

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, aphungu a komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, ndi inu akuluakulu a zipatala zathu zazikulu,

Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Zachipatala sindinaziphunzire m'kalasi, ndaziphunzirira pa benchi ya magadiyani m'zaka zitatu zimene ndakhala ndikudwazika amuna anga. Akudwala khansa ya m'mafuta a m'mafupa, imene madokotala amati multiple myeloma. Ali moyo, akuyenda okha, ndipo Lamlungu lapitali anaimba kwaya chiimirire mpaka nyimbo yomaliza. Choncho kalata ino si yopempha ndalama. Zogulitsa tinagulitsa kale, ndipo abale a ku Johannesburg ndi akumpingo anasonkha mpaka matumba kubooka. Chimene chandilembetsa ndi funso limodzi limene dokotala wa ku India anatifunsa tsiku loyamba, limene likanayenera kuganiziridwa konkuno chaka chathunthu tisanakwere ndege.

Dokotalayo anatenga buku lakuchipatala la abambowa, lija lothothoka chikuto, n'kumatsegula tsamba limodzilimodzi. Pena anaima n'kuloza ndi cholembera. "Mapiritsi a melphalan awa anamwa miyezi ingati?" Ndinati miyezi 7. Sanandiyankhe msanga. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya malaya, kenaka n'kunena kuti tiyesa, koma tisadabwe maselo akavuta kutuluka. Mpaka tsiku limenelo ndinali ndisanamvepo kuti mankhwala amene anachotsa ululu wa amuna anga, amene ndinkathokozera nawo Mulungu, ankadyanso mbewu imene tinawolokera nyanja kuti tikakolole.

Ndifotokoze mmene ndinazimvera ine, poti mwina ngakhale mwa aphungu alipo amene akamva kuti munthu wapita kukaikidwa mafuta a m'mafupa amaganiza za mpeni ndi kuswa mafupa, ngati mmene ankaganizira apongozi anga. M'kati mwa mafupa, makamaka a m'chiuno, a msana ndi a pachifuwa, muli maselo ochepa amene amabereka magazi onse: ofiira onyamula mpweya, oyera olimbana ndi matenda, ndi ma platelet amene amaletsa magazi kutuluka pabala. Achipatala amati stem cells. Ine ndimati mbewu ya magazi. Agogo anga akakolola ankasankha chimanga chamaso akuluakulu n'kuchimangirira kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Njala ivute bwanji, chimenecho sichinkapita kuchigayo.

Kemo, amene ndi mankhwala opha maselo a khansa, akakhala wamphamvu woti n'kugonjetsa myeloma amaotcha ndi munda womwe, mafupa n'kusiya kupanga magazi. Ndiye amayamba atapa mbewu m'magazi a wodwala yemweyo, kuisunga, kenaka n'kumupatsa melphalan wambiri kudzera m'diripi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amamubwezera maselo ake aja monga amaikira magazi. Maselowo amapeza okha njira ya kumafupa, ndipo pakatha masiku 10 mpaka 14 magazi atsopano amayamba kuoneka. Sipafunika m'bale wopereka, komanso thupi silikana chifukwa ndi zake zomwe.

Si zoyeserera ayi. Dokotala wa ku America, E. Donnall Thomas, analemba za odwala oyamba amene anawaika mafuta a m'mafupa mu 1957, ndipo mu 1990 analandira mphoto ya Nobel. Ku Groote Schuur ku Cape Town anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970. Mu 1996 madokotala a ku France anaonetsa kuti odwala myeloma amene abwezeredwa maselo awo amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa amene angolandira kemo wamba. Ndisakunamizeni: myeloma siichira nazo zimenezi, imangogona zaka zingapo kenaka n'kudzuka. Koma zaka zimenezo ndi zimene mwana wathu womaliza wamalizira sekondale bambo ake alipo. Kwa odwala khansa ya m'mwanabele yotchedwa lymphoma imene yabwerera pambuyo pa kemo, makamaka ya Hodgkin imene imagwira achinyamata, ambiri amachira ndithu, ndipo amene ali pa ma ARV kachilombo katagonja bwino nawonso amathandizidwa.

Kukolola kwake ndinakuona ndi maso anga. Mbewuyi sikonda kuchoka m'mafupa, choncho amaikusa ndi jakisoni wa filgrastim, wobaya pamimba tsiku ndi tsiku kwa masiku anayi kapena asanu. Anesi anandiphunzitsa kubaya ndekha kukanyumba kamene tinkachita lendi. Usiku wachitatu abambowa anabuula ndi msana ndi m'chiuno, ine mtima kuthawa poganiza kuti matenda ayambiranso. Nditaimba foni anesi anaseka, amvekere ululu umenewo ndi uthenga wabwino, m'mafupa mwadzaza. M'mawa wa tsiku lachisanu amatenga magazi pang'ono kuti akawerenge maselo okhala ndi chizindikiro chotchedwa CD34. Amafuna aone osachepera 10, akafika 20 ndiye bwino, m'kadontho kochepetsetsa kamene amati mayikulolita imodzi. Athu anapezeka 6.

Apa m'pamene panalowa plerixafor, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2008. Amabaya usiku, maola pafupifupi 11 makina asanayambe, ndipo amamasula maselo amene akakamira m'mafupa. Kabotolo kake sikaposa chala, koma mtengo wake unandiimbitsa foni kumudzi usiku womwewo kuti ng'ombe yotsala ija ipite.

Makina okololera ndi aakulu ngati firiji yaing'ono. Abambowa anawaika paipi pakhosi, yanjira ziwiri. Magazi amatulukira kwina, kulowa m'makina amene amawazunguza mwaliwiro mpaka agawikane, makinawo n'kuwengula kagawo kokhala ndi mbewu, otsalawo n'kubwerera m'thupi. Maola anayi kapena asanu munthu ali chigonere. Mankhwala oletsa magazi kuundana m'mapaipi amatsitsa kashiamu m'thupi, ndiye milomo ndi zala zimachita dzanzi, ndipo anesi ankafunsa pafupipafupi n'kumawonjezera kashiamu m'diripi. Pamapeto pa zonsezo pamatsala kathumba kamodzi kosadzaza ndi kapu yomwe, kooneka ngati madzi otsukira nyama. Ndinakayang'ana n'kudzifunsa kuti ng'ombe yathu ndi imeneyi?

Zochepetsetsa zimene amafuna ndi maselo 2 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala. Akapeza 4 miliyoni kupita m'tsogolo amasungako ena kuti matenda akadzabwerera adzaikenso kachiwiri. Bambo wa ku Nigeria amene anagona bedi loyandikana nafe anakwanitsa tsiku limodzi, madzulo ake ali kudya mpunga. Ife tinagona pa makinawo masiku atatu, jakisoni wodula uja kawiri, n'kungodutsa 2 miliyoni pang'ono. Zosungira mawa tilibe.

Komabe ife tinachita mwayi. Kunyumba ya lendi kuja tinkaphikira limodzi nsima ndi mayi wina wa ku Chipata, ufa wochita kunyamula m'chikwama poti wa kumeneko sugwira. Amuna ake anali atamwa melphalan chaka chathunthu. Anawayesa kawiri, mbewu osatuluka. Anabwerera kwawo ndi ngongole ndi mapepala okha. Tsiku lonyamuka mayiyo anandisiyira mthiko wake.

Sindikuloza chala dokotala amene anatipatsa mapiritsi aja, ndipo chipatala chake sinditchula. Abambowa anafika pamaso pake atachita kunyamulidwa, atamwa kale mankhwala a TB ya msana miyezi ingapo osasintha, magazi atatha, impso zikuyamba kufooka. Iye ndiye anatulukira matenda enieni, ndipo ndidzamuthokoza mpaka kalekale. Pashelefu panali melphalan ndi prednisolone, mankhwala amene akhala akuthandiza odwala myeloma kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo kwa agogo amene sangapirire kemo wamphamvu ndi oyenera ndithu. Koma athu anali ndi zaka 51, mtima ndi mapapo zili bwinobwino. Panalibe amene anatiuza kuti njira zilipo ziwiri, ndipo kuti ukayenda m'imodziyi inayo imatsekeka mwezi ndi mwezi. Amati safunsa anadya phula, koma ungafunse bwanji chinthu chimene sudziwa n'komwe kuti chilipo?

Musaganizenso kuti ndi matenda a azungu. Ku America anthu akuda amadwala myeloma kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu. Kwathu kuno bambo wa zaka 50 wodandaula msana miyezi yambiri, magazi akuchepa, amapatsidwa mayina ena onse, nyamakazi, TB, ngakhale kulodzedwa, dzina lenileni lisanapezeke.

Pempho langa loyamba silifuna njerwa ngakhale imodzi. Lembani m'malangizo a madokotala ndi ma clinical officer kuti munthu akapezeka ndi myeloma, nthawi yomweyo aunikidwe ngati ndi woti angadzapirire kubwezeredwa maselo. Amaona mtima, mapapo, impso ndi zaka, ndipo m'mayiko ambiri amafika nazo 65 mpaka 70. Ngati ndi wotero, asayambe ndi melphalan. Alipo mankhwala ena amene sawononga mbewu motero, monga bortezomib wophatikiza ndi cyclophosphamide ndi dexamethasone, kapena thalidomide. Bortezomib anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO mu 2019, ndipo makampani angapo a ku India amamupanga. Ngakhale lenalidomide, amene mabanja ena amadzigulira okha m'mafamase, akamwedwa nthawi yaitali amavutitsa kukolola, n'chifukwa chake kunja amakolola wodwala akangomaliza maulendo anayi mpaka 6 a mankhwala oyamba. Ndipo banja liuzidwe, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, gadiyani ali pomwepo, zilembedwenso m'buku lakuchipatala. Mwina banjalo liti ife sitingakwanitse, tipatseni mapiritsi omwewo. Palibe cholakwika, bola lasankha lokha. M'mera mpoyamba, a Nduna.

Pempho lachiwiri ndi la mndandanda wa odwala odikira kutumizidwa kunja. Ife sitinalowepo, koma ndimacheza ndi amene alipo. Ndikudziwa kuti ndalama zakunja n'zosowa ndipo aliyense pamndandandapo ali pa ululu. Koma wodwala uyu ali ngati mbande za fodya: zikakhalitsa pa nazale, kuwokera kwake n'kungotaya mphamvu. Nthawi yabwino yokolola ndi pamene mankhwala oyamba angogonjetsa matenda, miyezi inayi mpaka 6 chiyambireni. Chilolezo chikabwera patatha chaka ndi theka chimapeza matenda adzuka kapena mafupa atopa ndi kemo, ndipo boma limalipira ndege, malo ogona ndi chipatala pa ulendo umene phindu lake linatha kale. Dzina lizilowa pamndandanda tsiku limene munthu wayamba mankhwala, mwezi woyenera kukolola uzilembedwa pa fomu, ndipo pa komiti yosankha pazikhala dokotala wa matenda a magazi woti azinena kuti uyu nyengo yake ikutha.

Tsopano pempho lachitatu, limene ena andiseka nalo: ntchitoyi iyambike konkuno. Anansi athu anayamba kale. Chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinabwezera maselo odwala myeloma oyamba kumapeto kwa 2021, mothandizidwa ndi madokotala a ku India. Ku Nairobi West Hospital anachita woyamba mu 2022, nayenso wa myeloma. Mu 2023 chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuika maselo ochokera kwa abale mwa ana odwala matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell, ntchito yovuta kuposa imene ndikupemphayi. Tanzania si ku Ulaya, ndi komwe amalonda athu amakapikula katundu pa basi.

Tsiku lina abambowa akugona, ndinafunsa dokotala wathu ngati dziko losauka lingathe. Anandifotokozera za kasungidwe. Kusunga maselo kwa zaka kumafuna kuwasakaniza ndi mankhwala otchedwa DMSO n'kuwaumitsa mu nayitrojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Athu anasungidwa motero, ndipo tsiku lowabwezera chipinda chonse chinanunkha ngati adyo wosakaniza ndi chimanga chophika, fungo limene linatsatira abambowa masiku awiri. Koma ku Puebla ku Mexico, ku Oran ku Algeria ndi m'zipatala zina za ku India akhala akuchita osaumitsa. Melphalan sakhalitsa m'magazi, amatha m'maola ochepa. Ndiye amakolola, kuika kathumbako m'firiji ya magazi ya madigiri 4, kupereka kemo, n'kubweza maselo pasanathe masiku awiri kapena atatu. Mafiriji otere tili nawo kale. Njirayi ili ndi minga yake. Sipakhala zosungira mawa, ndipo mukangopereka kemo palibe kubwerera m'mbuyo, choncho jenereta iyenera kukhala yoyaka, osati yodikira dizilo.

Zina zofunika n'zowerengeka. Makina okololera amodzi, ndi mapaipi ake amene amagwira ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndiye ayenera kumabwera mosadukiza. Makina owerengera CD34, amene luso lake ndi la mtundu umodzi ndi lowerengera CD4 limene anthu athu a m'labu agwira zaka zambiri, ngakhale makinawo ndi okulirapo. Zipinda ziwiri kapena zitatu za munthu mmodzi, chilichonse ndi chimbudzi chake. Anamwino ophunzitsidwa amene sasamutsidwa chaka chamawa. Malo alipo, kaya ku likulu la khansa la ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo Kamuzu University of Health Sciences ingathe kuyamba lero kusula madokotala a matenda a magazi, poti dokotala sagulidwa pa tenda ngati makina.

Koma musadule liboni magazi asanakonzeke. Masiku otsatira kemo uja ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Maselo oyera anatsika mpaka kutheratu. Mkamwa munatuluka zilonda ngakhale anawamwetsa ayisi nthawi yonse ya diripi kuti zichepe. M'mimba munatseguka. Usiku wina thupi linatentha, ndipo ola lisanathe mankhwala opha tizilombo anali atalowa kale m'mtsempha, popanda woti kiyi wa famase wapita naye kunyumba. Anawaika ma platelet kawiri. M'zipatala zozolowera ntchitoyi omwalira nayo sapitirira awiri kapena atatu pa 100, koma chiwerengero chimenecho chimaima pa zinthu ngati zimenezi. Ma platelet amakhala masiku asanu okha, salowa m'firiji, amasungidwa pa madigiri 20 mpaka 24 akugwedezedwa usana ndi usiku, ndipo a wodwala wotere amayenera kudutsa kaye pa cheza chopha maselo oyera a wopereka.

Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, likugwira ntchito yaikulu, koma aliyense akudziwa kuti sukulu zikatsekera magazi amachepa chifukwa opereka ambiri ndi ophunzira, ndipo dzinja malungo amamwa otsalawo. Kuyamba kubwezera maselo ma platelet ali osadalirika n'kupha anthu ndi dzanja lathu. Chosangalatsa n'chakuti makina omwewo okololera mbewu amathanso kutapa ma platelet ambiri kwa wopereka mmodzi, iye n'kubwerera kwawo ndi magazi ake ofiira. Ndalama imene mungaike apa idzapulumutsanso mayi wotaya magazi pobereka ndi mwana wodwala khansa ya leukemia kapena ya Burkitt amene ali pa kemo.

Ndikudziwa chimene mungandiyankhe, ndipo poti ndine mayi sindingachikane. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse, pamene katemera wa HPV ndi kuyeza ndi viniga n'zotsika mtengo. Ngati kwacha ili imodzi yokha, ipite kumeneko, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Koma mapempho anga awiri oyamba akufuna cholembera ndi kusintha kagulidwe ka mankhwala basi. Lachitatulo ndalama yake ikutuluka kale, kungoti ikutulukira ku Delhi, ku Chennai ndi ku Johannesburg, ina ya boma, ina ya ng'ombe ndi minda ya anthu. Aphungu, funsani kuti m'zaka zisanu zapitazi ndi odwala angati amene anatumizidwa kunja pa chifukwa chimenechi, zinadya ndalama zingati, ndipo ndi angati amene anakafika mbewu itatha. Mayankho ali m'mafayilo. Muwaike pambali pa mtengo wa makina amodzi ndi zipinda zitatu, kenaka mutiuze.

Athu magazi anayamba kukwera tsiku la 12, ndipo tinabwerera kuno patatha masabata 11, iwo mutu uli mbee, buluku akuchita kumangira chingwe. Tsopano timapita kukayezetsa miyezi itatu iliyonse. Ulendo wathawu pa benchi panakhala mtsikana wina ndi bambo ake, munthu wa zaka za m'ma 40, ooneka amphamvu ndithu. Atamva kuti ndine mphunzitsi anandipatsa buku lawo kuti ndimuwerengere zimene adokotala analemba. Panali melphalan, mwezi wachiwiri. Ndinamuuza kuti asasiye okha mapiritsi, koma ndinamulembera kuseri kwa risiti funso loti kodi bambo ake si woti angadzabwezeredwe maselo awo, n'kumuuza kuti akalowa asatuluke asanaliwerenge mokweza. Anali akupinda kapepalako pamene anesi anaitana dzina la abambo athu.

Ine wanu,
Mphunzitsi ndi gadiyani wa wodwala myeloma